Nyumba ya Kwathu ndi Nyumba ya Kwawo

Amuna anga anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zinayi, koma kuwerengera kuti munthu mmodzi amagona m'nyumba imodzi kunawakanika. Ndikunena izi iwo ali moyo, ali pakhonde apa akuswa mtedza, ndipo ngati akufuna kutsutsa atsutse.

Zaka zonsezo tinkakhala m'nyumba za sukulu. Akawasamutsa, tinkapakira mipando pa lole n'kukalowa m'nyumba ina yodontha, yonunkha mileme. Ndabzala mapapaya m'masukulu asanu ndi limodzi, ndipo onsewo anadya ndi akazi a aphunzitsi ena. Ana anga anayi, aamuna okhaokha, ndinawalerera m'nyumba za eni. Lero onse anabalalika, awiri ali ku Lilongwe, wina ku Joni, wina ndi mkamwini kwa eni ake. Ine chimene ndinkafuna pamoyo wanga chinali chimodzi basi: bambowa akadzapuma pantchito, tidzalowe m'nyumba yathuyathu ya malata, pamalo amene malemu amayi anandisiyira kwathu kwa Mavwere.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Malo ndi a mbumba ya akazi, mwamuna amabwera kudzamanga ndi kudzalima. Amuna anga kwawo ndi kwa Dambe, cha ku Kapiri uko, ndipo sananditenge chitengwa. Choncho nkhani ya kumene tidzakalambire ine ndinkaiyesa yotha kale.

Tinaumba njerwa, tinawotcha, mmisiri anayamba. Makoma anakwera bwinobwino mpaka pamwamba pa mawindo, kenaka zii. Anaima pomwepo zaka zisanu ndi ziwiri. Mvula inkasambitsa makomawo chaka ndi chaka, mbuzi za achimwene anga zinasandutsa pabalaza khola, ndipo m'chipinda chimene ndinkati tidzagonamo munamera nsatsi yotalika kuposa ine. Ndikafunsa za malata, yankho linali limodzimodzi.

"Amayi, musadere nkhawa. Zonse zili mu pulani."

Pulani imeneyi anabwera nayo kuchokera ku semina. Anawaitanira ku boma, onse amene anatsala pang'ono kupuma, kukawaphunzitsa kasungidwe ka ndalama. Anabwerako ndi kope latsopano, cholembera chokoloweka pathumba la malaya, ndi chipewa chimene anagula ndi alawansi yonse. Sabata imeneyo m'nyumba simunakhalike. Ndikathira shuga mu tiyi, ati amayi, supuni yachiwiriyo ndi ukalamba wanu mukudya. Ndikagula chitenje, ati chimenecho si chuma, chuma ndi chimene chimabereka. Anandikhazika pansi ngati mwana wa Sitandade 2 n'kundiuza malamulo awiri akuluakulu: munthu asalowe mu penshoni ali ndi ngongole, ndipo chuma chisamakhale pamalo amodzi. Ine ndinavomera ndi mutu. Ndinali ndi nkhumba ziwiri kuseri ndi kabuku kanga ka banki mkhonde, koma zimenezo kwa iwo sizinali chuma, zinali zoseweretsa za azimayi.

Chodabwitsa n'chakuti pulani ikamakula, malipiro ankachepa. Kale mwezi ukatha ankapita ku boma n'kubwerako ndi sopo, shuga, mwina kanyama. Kenaka anayamba kubwerako ndi nkhani zokhazokha. Lero ati adula zambiri, mawa ati makina a kubanki alibe netiweki. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza peyisilipi, kapepala ka malipiro awo, m'thumba la jekete. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma kuwerenga ndimatha, ndipo pamene pali kuchotsera ndimapaona. Makampani awiri a ngongole ankadula ndalama zisanafike n'komwe m'manja mwawo. Ndinatsegula kachikwama kawo kuti ndione khadi la kubanki, ndinangopeza chiphaso cha voti ndi chithunzi chawo cha ali mnyamata.

Khadilo linali kwa katapila. Pamsika wathu pali bambo wina wogula soya ndi mtedza, wolankhula motsitsa ngati mkulu wa mpingo. Iyeyo amasunga makhadi a aphunzitsi atawamanga ndi labala, mtolo wonse, pamodzi ndi manambala achinsinsi. Mwezi ukatha amapita yekha kubanki, amatenga zake ndi chiwongoladzanja, zotsalazo n'kumawagawira eni ake ngati akupatsa ana ndalama ya mandasi. Amuna anga, a hedi athunthu, ovala tayi, amene makolo ankawagwadira, ankaima pamzere kuseri kwa sikelo kudikira chenje cha malipiro awo omwe.

Mtima wanga unangoti pali mkazi. Nanga ndalama za mwamuna zikamasowa chonchi zimapita kuti? Ndipo zizindikiro zinalipo. Loweruka lililonse lachiwiri ankavala bwino n'kunena kuti akukaona mlongo wawo kwa Dambe, akudwala. Alamu angawo anadwala zaka zisanu ndi ziwiri, koma tikakumana pamaliro ndinkaona akungonenepera.

Loweruka lina ndinawalola anyamuke, ine pambuyo. Ndinavala kabudula mkati, chitenje ndinamanga cha ndewu, ndolo ndinavula n'kusiya pawindo. Minibasi mpaka pa Kamwendo, ina ya ku Kapiri, kenaka kabaza. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze mkaziyo, ndipo ena anali okoma moti mpaka lero ndimadandaula kuti sanagwire ntchito.

Nditafika pamudzi paja ndinangoti kakasi. Panalibe mkazi. Panali nyumba.

Abale inu, inali nyumba yanga yomwe ija. Zipinda zitatu, khonde kumaso, windo la kukhitchini mbali yomweyo. Ngakhale pamene inalekezera panali pomwepo, pamwamba pa mawindo. Amuna anga anali mkati ndi mmisiri, atagwira tepi, chipewa cha ku semina chili kumutu. Chipinda chimodzi chinali chofolera ndi udzu ndi pulasitiki, ndipo pakhomo pake panali mphasa, mbale ndi ana awiri. Mwana wa mlongo wawo, bambo wa ndevu zake, anali atalowamo kale ndi banja lake. Wodwala uja anatulukira kuseri atasenza dengu la chimanga, thukuta lili kamukamu.

"Iii, alamu! Mwatipeza? Bwanji osatumiza uthenga tikuphereni nkhuku?"

Ndinayamba kuseka. Ndinaseka mpaka ndinakhala pa mulu wa njerwa, misozi ili chuchuchu, anthu n'kumayesa ndapenga. Akanakhala mkazi ndikanadziwa pogwira. Nanga khoma ungalikoke tsitsi? Amuna anga anangoima, tepi ili lende m'manja, ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga.

Tinabwerera kunyumba. Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinatseka chitseko n'kuwauza kuti lero aphunzitsi ndine.

"Ndiye pulani ija ndi imeneyi? Mwamanga makoma awiri ndi ndalama za katapila, denga palibe ngakhale limodzi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, inu mwachita kukongola ndalama kuti muvumbwe bwino!"

"Anati chuma chisamakhale pamalo amodzi," anatero motsitsa.

"Asa! Chuma chake chiti? Nsatsi ija?"

Anapotokola chipewa chija. Kenaka anandiuza nkhani imene m'zaka zonse za ukwati wathu anali asanandiuzepo bwinobwino. Mayi awo anamwalira iwo ali Fomu 2. Bambo awo anali mkamwini pamudzi paja zaka zoposa makumi awiri, anamanga nyumba, anabzala mango, anakumba chitsime. Atameta maliro, abale a malemu anawasudzula mwaulemu wonse, ati zikomo bambo, mwatisungira bwino, tsopano mukapume kwanu. Mkuluyo anamanga mphasa, khasu ndi wailesi panjinga. Kwawo anakapeza minda anagawana kale, ndipo anafera m'kakhitchini ka mlongo wake. Amuna anga anawaperekeza tsiku losudzulidwalo mpaka pamsewu, akukankha njingayo.

"Ndiye inu mukadzatsogola, amayi, ine ndidzalowera kuti? Ana onse ndi aamuna. Malo aja si awo, si anganso."

Mukuganiza kuti ndinawamvera chisoni? Chinabwera, koma mochedwa. Choyamba chinali ukali.

"Oho! Ndiye zaka zonsezi ine ndikukuphikirani, inu mukuwerengera maliro anga? Njerwa iliyonse ya kwa Dambe ija ndi ine nditafa? Mwandiika kale m'manda, bambo, mwangotsala kumeta!"

Ndinawauzanso kuti abale anga si anthu otero. Ndinanena mokweza, ndikumenya pachifuwa, kuti achimwene anga ndi munthu wopemphera, sangathamangitse nkhalamba. 

Kalata yopuma pantchito inabwera, ndipo pamodzi nayo panabwera mawu akuti nyumba ya sukulu tituluke, a hedi atsopano akubwera. Ndalama zopumira, zija zimabwera pakamodzi, sizinabwere. Amuna anga anayamba maulendo a ku Lilongwe atanyamula envulopu yakhaki. Lero ati fayilo ili pa tebulo lina, mawa ati wosayina wapita kumaliro. Ulendo uliwonse thiransipoti ankakatenga kwa katapila yemwe uja, ndipo iye ankapereka mosangalala, mpaka kuwafunsa ngati ikwane.

A hedi atsopano anafika ndi lole, katundu wawo n'kumuunjika m'kalasi. Akazi awo ankabwera m'mawa uliwonse kudzandipatsa moni, maso ali kukhitchini. Sabata yachitatu ndinatopa nawo moni. Tinasamukira kwathu, m'kanyumba kaudzu ka mng'ono wanga, momwe ankasungiramo madeya. Mipando yathu tinaipanikiza m'makoma opanda denga aja n'kufunditsa pulasitiki. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzulo mitambo inkayamba kusonkhana cha ku Zambia. Amuna anga ankadzukabe m'mawa n'kumanga tayi, kenaka n'kukhala pa chitsa kuyang'ana nkhuku.

Ndalama zinalowa mu Novembala. Amene anayamba kudziwa si ife, ndi katapila. Anachita kutitumizira uthenga kuti tikakumane pakhomo la banki, ndipo tinamupeza atafika kale, atavala jekete. Makampani aja anali atadula zawo mkati momwemo. Katapila anatenga zake, anabweza khadi ndi manja awiri, n'kunena kuti aphunzitsi, mwakhala kasitomala wabwino, musatiiwale. Thukuta la zaka makumi atatu ndi zinayi, litadutsa m'manja monsemo, linatsala lokwana malata a nyumba imodzi. Misomali ayi, mitengo ayi, mmisiri ayi.

Mbiri ya ndalama imathamanga kuposa minibasi. Mawa lake alamu anga a kwa Dambe anatulukira ndi nkhuku ija analonjeza, ati tabwera kudzaona ngati achimwene apuma bwino. Anakhala masiku awiri akunong'onezana ndi mlongo wawo kuseri kwa nkhokwe. Atachoka, amuna anga anabwera ndi kope la ku semina, atajambula mzere pakati pa tsamba.

"Amayi, ndaganiza. Tigawe. Theka la malata kuno, theka kwa Dambe. Kwina tidzamaliza pang'onopang'ono ndi penshoni ya pamwezi."

"Mvulanso mwapangana nayo kuti izigwa theka?"

"Mvetsani kaye masamu ake..."

"Masamu anu ndi amene atigoneka m'madeya. Tsekani kopelo."

Tsiku logula ndinapita nawo. Ndinasankha ndekha malata, ndinawerenga ndekha kawiri, ngolo ndinachita hayala ndekha. Atapakira ndinakwera n'kukhala pamwamba pa malatawo, dzuwa likundiwotcha kumatako, mpaka pakhomo. Anthu m'njira ankaseka, ati amayi awa akuopa kuti malata auluka. Sankanama. Nkhumba zanga ziwiri, zoseweretsa zija, zinagula mitengo ndi misomali. Ndalama yanga ya banki mkhonde inalipira mmisiri. Mvula yoyamba inagwa atatsala malata atatu kukhoma, ndipo ndinaima m'chipinda chogona, pamene panali nsatsi paja, kumvetsera phokoso lake padenga. Ndinalira, sindibisa.

Amuna anga anapita kwa Dambe kukafotokoza kuti malata sabwera, ndi kukaonanso makoma awo. Anabwerako msanga. Mwana wa mlongo wawo uja anali atafolera ndi udzu zipinda zonse, ataika chitseko ndi loko, ndipo pawindo la chipinda chimene amuna anga ankati chidzakhala chawo anatsegulapo kagolosale. Anawalandira bwino, ati amalume, nyumba ija musadandaule nayo, tikukusungirani. Anawapatsa mpando panja, ndi botolo la zakumwa la m'golosalemo, n'kuwafunsa kuti abwerera nthawi yanji kuti asachedwe minibasi. Ngongole yonse ija inagula mpando wa panja ndi botolo limodzi.

Apa ndiye ndinati ndiwachiritse matenda awo kamodzi n'kamodzi. Tsiku lolowa m'nyumba ndinaphika thobwa, ndinaitana achimwene anga, amene ndiwo mwini mbumba yathu, ndi mng'ono wanga, ndi akuluakulu awiri a kumpingo kuti akhale mboni. Ndinkafuna amuna anga amve ndi makutu awo, achite manyazi, nkhani ya njinga ija ithe. Anthu atamwa, ndinaima.

"Achimwene, nenani pano pamaso pa anthu. Ine ndikadzafa, bambo awa adzakhala m'nyumba muno mpaka tsiku lawo. Nenani."

Achimwene anaseka, anapukuta thobwa pandevu.

"Iii, mlongo wanga, nkhani zanji zimenezi pa tsiku lachisangalalo? Ukudziitanira imfa? Alamu ndi athu awa. Ndani angawathamangitse?"

"Ndiye nenani kuti adzakhala."

"Zimenezo sitinganeneretu, ndi zamwano kwa Mulungu. Nthawi yake ikadzakwana mbumba idzakhala pansi, tidzaona bwinobwino."

Akunena zimenezo anali ataimirira. Anagogoda khoma ndi chala n'kufunsa kuti simenti tinathira matumba angati. Anayang'ana kudenga, ati malatawa ndi olimba, angathe zaka zambiri osachita dzimbiri. Anasuzumira m'zipinda chimodzichimodzi, milomo ikuyenda, akuwerenga. Mng'ono wanga, amene ali ndi ana aakazi atatu, mmodzi wotomeredwa kale, anali ataima pakhomo la chipinda chathu chogona. Anangoti, osayang'ana munthu, "Chipinda ichi n'chachikulu bwino, bedi ndi kabati zikhoza kukwana."

Akumpingo aja anayang'ana m'makapu mwawo. Ine ndinayang'ana amuna anga. Ndinkayembekeza kuti andiyang'ana ndi diso lija la aphunzitsi, loti ndinakuuzani. Sanatero. Anangozyolika, manja ali pamaondo, ngati mlendo amene akudikira kuti eni nyumba amalize kukambirana.  Munthuyu analakwitsa ngongole, analakwitsa makoma, analakwitsa zonse, koma chimene ankaopa chija sanalakwitse.

Chaka chathachi kuchipatala anandipeza ndi BP. Chiyambire tsiku limenelo amuna anga anapeza ntchito yatsopano. Mapiritsi amasunga ndi iwo, m'kachitini, pamwamba pa kabati. M'mawa uliwonse amabwera ndi kapu ya madzi ndi piritsi pachikhatho, ndipo sachoka mpaka aone kuti ndameza. Mchere anabisa. Njinga yamoto anandiletsa kukwera. Ndikanyamula khasu amalanda, ndikatsokomola kamodzi amafunsa ngati tipite kuchipatala. Tsiku la sikelo yanga amalilemba m'kope lija, ndipo aka n'koyamba kuti kopelo ligwire ntchito yooneka. Azimayi a kumpingo amandichitira nsanje, ati koma inu muli ndi mwamuna wachikondi, athuwa ngakhale utakomoka amayamba afunsa ngati ndiwo zapsa. Ine ndimangoti eya, n'kusiya pomwepo.

Tsiku lina ndinawafunsa, piritsi lili m'manja.

"Bambo, tanenani zoona. Mukusamala ine, kapena mukusamala denga?"

Anandiyang'ana, maso ofiira aja a ukalamba, kapu ili m'manja.

"Imwani, amayi. Nthawi yakwana."

Ndikanatha kuwanyoza, mawu ndinali nawo. Koma ndinaona munthu wa imvi amene pa dziko lonse lapansi alibe pogona pena kupatula pamene ine ndikupuma. Ngongole za makampani zinatha, katapila tinathana naye. Yatsala ndi yanga, ndipo ndi yolemera: ndiyenera kukhala moyo mpaka ndiwaike m'manda bambowa, atuluke m'nyumba muno atanyamulidwa ndi anthu, osati akukankha katundu. Ndinatenga kapu ija n'kumeza, ndipo sindidumphitsa ngakhale tsiku limodzi.